Usiku umene mizinga ya ku Coventry inagwetsa ndege imodzi yokha

Mayi a Tadala (Coventry):
Abale anga, pali nkhani yandikhala pamtima kuyambira Loweruka. Ndatha zaka zinayi kuno ku Coventry, ku Mangalande, koma tchalitchi chophwasuka chili pakati pa tawunichi ndinkangochidutsa ndikamathamangira basi. Mwana wanga anapatsidwa ntchito ya kusukulu ya mbiri ya mzinda uno, ndiye tinalowa. Denga kulibe. Makoma ofiira angoima okha, mawindo ali pululu opanda magalasi, koma nsanja ikadali chilili. Titachoka pamenepo tinapita ku Coventry Transport Museum, komwe kuli galimoto ya Humber yomwe ankakwera General Montgomery. Kumeneko ndi komwe ndinamvetsa kuti Ajeremani sanabwerere tchalitchi ayi, anabwerera mafakitale. Daimler, Humber, Alvis, Standard, Triumph, onsewa anali atasiya katundu wa anthu wamba n'kuyamba kupanga galimoto zankhondo, njinga zamoto ndi zipangizo za ndege.

Usiku wa pa 14 Novembala 1940 kunabwera ndege pafupifupi 500. Zinayamba 7 koloko itangodutsa, zinaleka kutacha. Anthu oposa 550 anafa, nyumba zoposa 4,000 zinagwa. Tsono chondisowetsa tulo n'chakuti mzindawu unali ndi mizinga yowombera ndege, koma usiku wonsewo inagwetsa ndege imodzi. Imodzi! Ngati boma linkadziwa kuti pano ndi pamene pakuchokera zida, linalekereranji anthu chonchi? Agogo anga aamuna anali dalaivala wa lole ku Keyala (gulu la asilikali la King's African Rifles) pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse yomweyi, ndiye nkhaniyi sindikuiona ngati ya eni ake.

Msilikali Wopuma:
Mayi, funso lanu ndi labwino, koma musafulumire kuimba mlandu anyamata anali pa mizingawo. Coventry usiku umenewo inali ndi mizinga ikuluikulu 24 ya mainchesi 3.7, ndi ina 12 yaing'ono ya Bofors ya mamilimita 40. Ya mzinda wonse imeneyo. Anawombera zipolopolo zoposa 6,000, moti anagwira ntchito mpaka manja kulema.

Vuto ndi ili. Munayesapo kulasa njiwa youluka ndi legeni? Mukaloza pomwe ili, mwala umafika njiwayo itadutsa kale. Ndege yothamanga makilomita 300 pa ola imayenda mamita oposa 80 pa sekondi imodzi. Chipolopolo chikatenga masekondi khumi kuti chifike m'mwamba mmene ndegeyo ili, ndiye kuti yasuntha pafupifupi kilomita yathunthu. Uyenera kuloza pomwe idzakhale, osati pomwe ili. Komanso chipolopolo chachikulucho sichinkadikira kugunda ndege kuti chiphulike. Chinali ndi kawotchi kumutu, munthu ankatchera kuti chiphulike pakatha masekondi akutiakuti. Woyendetsa ndege akangokhota pang'ono kapena kukwera, masamu onse athera pomwepo. Ndipo zonsezi ndi usiku.

Makaniko wa ku Ndirande:
Nanga si anali ndi radar akuluakulu? Ine ndimamva kuti Angerezi anapambana chifukwa cha radar.

Msilikali Wopuma:
Radar inalipo achimwene, koma yamphamvu inali m'mbali mwa nyanja, yochenjeza kuti adani akubwera. Yolondolera mizinga mu 1940 inali yakhanda. Inkanena bwino mtunda, koma kutalika kwa ndege m'mwamba inkavutika nako. Magetsi ounikira kumwamba ambiri ankadalira zimakutu zikuluzikulu zomvera phokoso la injini, ndipo phokoso limachedwa, likamafika pansi ndege ili patsogolo. Panalinso zibaluni zomangirira ku waya wachitsulo, koma ntchito yake inali kuletsa ndege kutsika pafupi, osati kuzigwetsa.

Ndinene mosabisa, phindu lenileni la mizinga chaka chimenecho linali kukankhira ndege m'mwamba kuti zisalunjike bwino, ndi kulimbitsa mtima anthu obisala pansi kuti akumva kwawo kukuyankha. Koma chokwera chimatsika. Zidutswa za zipolopolo zawo zomwe zinkagwera pa madenga ndi m'misewu, ndipo zinkavulaza anthu.

Aphunzitsi Opuma (Zomba):
Ndithokoze a Msilikali pofotokoza bwino. Ine ndibwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa Novembala sungaimvetse osayamba ndi Juni. Asilikali a Britain atathawa ku Dunkirk mu Meyi ndi Juni 1940, anthu oposa 338,000 anawoloka, koma galimoto zoposa 60,000 zinatsala ku France pamodzi ndi mizinga yambiri. Dziko linadzuka lili ndi asilikali opanda chokwera. Choncho fakitale iliyonse ya galimoto inasanduka nkhokwe ya moyo wa dziko, ndipo mizinga yochepa yomwe inatsala inkalimbiranidwa ndi London, madoko, mabwalo a ndege, Birmingham, Sheffield, Liverpool. Bulangeti linali lalifupi, ukafunda kumutu mapazi ali panja.

Chachiwiri ndi kamangidwe ka Coventry yemweyo. Unali mzinda wakale, wa misewu yopanikizana ndi nyumba zambiri zamatabwa, ndipo mafakitale anakulira pakati pa nyumba za anthu. Wogwira ntchito ankatuluka pakhomo pake n'kulowa pa geti la fakitale. Kuloza fakitale kunali kuloza khomo la wantchito. Ajeremani anayamba ndi kagulu ka ndege kotchedwa Kampfgruppe 100, kotsogozedwa ndi mafunde a wayilesi otumizidwa kuchokera ku France, ndipo kanagwetsa mabomba oyatsa moto kuti otsatira aone polunjika. Kunali mwezi wathunthu. Mabomba oyambirira anaphwanya mapaipi a madzi, nthambo za magetsi ndi matelefoni, ndiye ozimitsa moto anatsala atagwira mapaipi ouma.

Mnyamata wa ku Area 25:
Ine ndinaona vidiyo yonena kuti Churchill, nduna yaikulu ya Britain nthawi imeneyo, ankadziwa zonse, koma anangousiya mzindawo kuti Ajeremani asazindikire kuti mauthenga awo achinsinsi akuwerengedwa. Ngati ndi zoona ndiye mizinga tikuikambirayi ndi yongotayitsa nthawi.

Aphunzitsi Opuma (Zomba):
Mwana wanga, nkhani imeneyo yayenda kwambiri, koma akatswiri a mbiri omwe anafufuza zikalata amaikana. Chomwe chinkadziwika n'chakuti kukubwera chiwembu chachikulu nthawi ya mwezi wowala, ndipo akuluakulu ambiri ankayembekeza kuti chilunjika ku London. Churchill mwiniwake madzulo amenewo anabwerera ku London poganiza kuti kumeneko ndi komwe kugwe mabomba. Anayesanso kusokoneza mafunde a wayilesi aja koma sizinathandize. Ndipo ngakhale akanadziwa dzina la mzinda m'mawa, mizinga yolemera matani angapo suyisamutsa mazanamazana tsiku limodzi, komanso a Msilikali atiuza kale kuti inkaphonya. Nkhani ya chiwembu cha mkati imakoma kumva chifukwa imatipatsa munthu mmodzi womuloza chala. Zoona zake n'zowawa kuposa pamenepo: mu 1940 panalibe dziko lomwe linkadziwa kuletsa ndege za usiku.

Achimwene a ku Luton:
Moni nonse. Ndakhala chete ndikuwerenga, koma nkhani ya malole yandidzutsa. Mayi a Tadala, ngati agogo anu ankatchula Bedford, ndiye kwawo kwa loleyo ndi kuno. Fakitale ya Vauxhall ya ku Luton inapanga malole a Bedford pafupifupi 250,000 pa nkhondo imeneyi: timalole tating'ono ta MW, ya matani atatu ya OY, ndi QL yokoka ndi matayala onse anayi. Ine ndinagwirako ntchito pa nyumba ina yosungira katundu kufupi ndi Kimpton Road, ndipo tsiku lililonse ndinkadutsa pamalo amenewo. Kupanga galimoto kunatheratu mu 2025, anthu ambiri kuno zinawakhudza.

Kuno mabomba anabwera usiku waukulu wa Coventry uja usanafike. Pa 30 Ogasiti 1940, masana dzuwa likuswa mtengo, ndege zinagwetsa mabomba pa Vauxhall n'kupha antchito 39. Masiku ochepa okha, ntchito inayambiranso. Pambuyo pake njira yomwe anaidalira kwambiri kuno sinali mzinga koma kubisa. Madenga a fakitale anawapaka penti yosokoneza maso, ndipo m'misewu anandandalika zitini zoyaka mafuta akuda kuti utsi uphimbe tawuni usiku wa mwezi. Tangoganizani kugona mu utsi wa oyilo chaka ndi chaka, makatani akuda bii, ana akutsokomola, zonsezo kuti fakitale isaoneke.

Makaniko wa ku Ndirande:
Eee, Bedifodi! Ine ntchito ndinaphunzirira pa Bedifodi ya J6 ya abwana anga oyamba, imene inkatuta mchenga. Imeneyo ndi ya pambuyo pa nkhondo, koma mtundu wa injini ndi womwewo, masilinda sikisi ondondozana, yosavuta. Ukatsegula boneti chilichonse ukuchiona, dzanja likulowa paliponse. Ndikuganiza kuti ankapanga dala chonchi kuti mnyamata wophunzira miyezi yochepa akonze ali m'tchire.

Koma achimwene a ku Luton, ndinamva kuti kumeneko ankapanganso akasinja. Fakitale ya malole ipanga bwanji kasinja? Chitsulo chake ndi china, kulemera kwake ndi kwina.

Achimwene a ku Luton:
Ndi zoona, kasinja wotchedwa Churchill. Boma linawapatsa ntchitoyo mu 1940 Dunkirk itangochitika, n'kuwauza kuti pakutha pa chaka akhale akutuluka. Kasinja nthawi zambiri amatenga zaka kuti akonzedwe bwino. Iwo pofika pakati pa 1941 anayamba kupereka. Injini anachita kulumikiza nzeru za injini za malole, n'kutuluka ya masilinda 12 yogona chammbali. Vauxhall inkatsogolera makampani angapo, ndipo onse pamodzi anatulutsa akasinja oposa 5,600. Ena ankawayesera m'munda wa Luton Hoo kunja kwa tawuni.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi chakuti oyambirirawo anatuluka ndi zilema zambiri, ndipo kampani sinabise. M'buku la malangizo anaikamo kapepala kouza asilikali kuti tikudziwa kuti muli zolakwika, nthawi inachepa, nazi njira zozembera mavutowo pomwe tikukonza. Pambuyo pake anabweza mazana ambiri ku fakitale kukawakonzanso. Ku Dieppe, ku France, mu 1942 zinawavuta kwambiri pa gombe la miyala, koma ku Tunisia mu 1943 anakwera mapiri omwe adani ankati kasinja sangafikeko.

Makaniko wa ku Ndirande:
Kapepala kameneko ndakakonda. Makaniko woona amakuuza kuti bwana, ndamanga koma giyabokosi ikulira, musaithamangitse. Woopsa ndi uja amati zonse zili bwino.

Tsono ndiwonjezere mbali yomwe ndimaidziwa, ya kumanga galimoto zobwera m'mabokosi. Si malole onse a asilikali a Britain omwe anapangidwa ku Mangalande. Canada inapanga galimoto zankhondo zoposa 800,000, zambiri mwa izo za mtundu wa CMP (Canadian Military Pattern), zomwe Ford ndi Chevrolet ankapanga pa pulani imodzi ngakhale anali opikisana pa malonda. Lole yathunthu imadya malo m'sitima, ndipo sitima zinkamizidwa. Ndiye ankaitumiza yophwasula: tchesisi payokha, ma akiselo paokha, kabini yopindidwa, matayala, mabawuti m'timatumba, zonse zopakidwa girizi m'mabokosi amatabwa. Ikafika ku Liverpool, ku Slough, ku Dagenham, kapena ku South Africa, India ndi Australia, anthu ankaswa mabokosi, kutsuka girizi, kumanga, kuthira mafuta, kuliza, kuyesa mabuleki, ina ibwere.

Mukaona chithunzi cha CMP muone zinthu ziwiri. Mphuno ndi yaifupi ngati ya galu wa buludogi, kuti isadye malo. Ndipo pa zambiri galasi lakutsogolo linapendekera chakutsogolo, m'malo mogonera kumbuyo monga tazolowera, kuti dzuwa likawomba lisanyezimire kumwamba n'kuitana ndege. Mantha a ndege analowa mpaka mu kapangidwe ka windisikirini. Chiwongolero chinali kumanja ngati zathu zino, ngakhale ku Canada amayendetsa mbali inayo.

Mnyamata wa ku Area 25:
Pepani akuluakulu, ndisakhale ngati wamwano, koma ndifunse. Ife tikudandauliranji Coventry ndi Luton? Anthu amenewa nthawi imeneyo ankatilamulira, ankatikhometsa msonkho, agogo athu ankagwira thangata. Nkhondo inali yawo. Mabuku awo adzaza ndi mayina awo. Athu amene anafera ku Burma akuwakamba ndani?

Nachisale (Johannesburg):
Achimwene, kupweteka kwanu ndikukumva, ndipo simunaname. Koma nkhani ya galimotozi siinathere ku Ulaya. Kuno ku Joni kuli nyumba yosungira zakale zankhondo ku Saxonwold, ndinapitako ndi ana. Muli galimoto zazitsulo zotchedwa Marmon-Herrington zomwe zinamangidwa konkuno. Tchesisi ndi injini zinali za Ford ya ku Canada, zida zokokera matayala onse zinkachokera ku America, zitsulo zotchinga zipolopolo zinkapangidwa ndi Iscor, ndipo kumanga kunkachitika muno, makampani ngati Dorman Long. Zinapangidwa zoposa 5,000, ndipo zinamenya nkhondo ku East Africa ndi ku chipululu cha kumpoto. Masiku amenewo anthu akwathu anali mbwee kuno, m'migodi ndi m'ntchito zina zolemetsa. Chuma chomwe chinkalipira zitsulo zimenezo thukuta lathu linalimo.

Mwana wa Kum'mawa (Chipata):
Ndivomereze a Nachisale. Kwathu kuno ku Zambia akuluakulu ankakamba za mizere ya malole a asilikali. Galimoto zochokera kumwera zinkabwera pa sitima yapamtunda mpaka ku Broken Hill, komwe lero timati Kabwe, kenako zinkayenda zokha pa Great North Road kudutsa Mpika, kulowa Tanganyika mpaka Nairobi. Msewu wafumbi, nthawi ya dzinja matope okhaokha. Ndiye bokosi lija a Makaniko akunena, lomangidwa ku Canada n'kutsegulidwa ku South Africa, mathero ake linadutsa pakhomo pathu.

Aphunzitsi Opuma (Zomba):
Mwana wanga wa ku Area 25, funso lako lisafe, ndi lofunika. Ine ndimakhala pafupi ndi chipilala cha Keyala kuno ku Zomba, ndipo ndimaona ana asukulu akudutsa osadziwa kuti n'chiyani. Asilikali a ku Nyasaland anamenya ku Moyale mu Julayi 1940, ku Tug Argan m'dziko la Somaliland mu Ogasiti 1940, mwezi womwewo umene mabomba ankagwa ku Luton. Anapita ku Abyssinia, ku Madagascar mu 1942, kenako ku Burma ndi 11th East African Division mu 1944, m'chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yosakata. Ufa wawo, zipolopolo zawo, mankhwala a malungo, ovulala awo, zonse zinkayenda pa lole mpaka pomwe msewu wathera. Fakitale ikanaima ku Luton kapena sitima ya mabokosi ikanamira, wogona ndi njala anali mnyamata wa ku Ntcheu ali kutali ndi kwawo.

Sindikunena kuti tiiwale thangata ayi. Ndikunena kuti mayi womanga mabawuti usiku ku Coventry ndi mnyamata wathu woyendetsa lole anali pa chingwe chimodzi, ngakhale sanadziwane, ndipo onse awiri si amene anayambitsa nkhondoyo.

Mnyamata wa ku Area 25:
Ndamva aphunzitsi. Komabe mayi uja nkhondo itatha anavota, anapatsidwa chipatala chaulere. Mnyamata wathu anabwerera ku msonkho. Chingwe chimodzi, koma malekezero awiri osiyana.

Aphunzitsi Opuma (Zomba):
Pamenepo sindikutsutsa. Wanena zoona.

Mayi a Tadala (Coventry):
Ndangoweruka, ndapeza mwalemba zambiri, zikomo. Achimwene a ku Area 25, zomwe mwanenazo ndi zomwe agogo anga ankadandaula. Anabwerako ndi mamendulo m'kachitini ka fodya, jasi lalitali, ndi sipanala imodzi. Zambiri zomwe ankayembekezera sanazione, anamwalira akulima fodya. Koma ntchito yawo ankainyadira. Ndimawakumbuka atakhala pakhonde pa mpando wa ndalema, akutionetsa kasinthidwe ka magiya: phazi lamanzere kuponda kawiri, lamanja kupatsa moto pakati, dzanja likuyenda m'malere, pakamwa akulira ngati injini. Ankati usiku ankayenda magetsi ataphimbidwa, kungotsala kampata ngati diso la mphaka, iwe n'kumatsatira kachizindikiro koyera pansi pa lole ya mnzako. Ukasinza wagwera kuphedi ndi anthu ako.

Za amayi a kuno, pali gogo wina amene ndinkamusamalira, wamwalira chaka chatha ali ndi zaka za m'ma 90. Anali kamtsikana nthawi imeneyo. Ankandiuza kuti madzulo aliwonse mayi ake ankawatenga ndi mabulangeti kutuluka m'tawuni wapansi, kukagona kumidzi, nthawi zina m'khola kapena pansi pa mpanda wa mitengo, m'mawa n'kubwerera kuti akuluakulu akalowe shifiti. Chimene sankaiwala ndi fungo, ankati tawuni inanunkha utsi ndi njerwa zonyowa masabata ambiri. Tsiku lina kunja kunaphulika zokondwerera za Novembala zija, gogoyo anandigwira dzanja mwamphamvu osalankhula. Zaka 80 zitadutsa.

Msilikali Wopuma:
Mayi, agogo anu ankanena zoona za kachizindikiro koyera, difu ya kumbuyo ankaipaka penti yoyera n'kuiunika ndi kagetsi kakang'ono kuti wotsatira aione koma wa m'mwamba asaone.

Ndipitirize pomwe ndinasiyira, chifukwa Coventry inawaphunzitsa. Mkulu wa mizinga yonse yoteteza Britain, General Frederick Pile, anali ndi vuto la anthu, amuna ankafunika kunkhondo kunja. Kuyambira 1941 analowetsa amayi a gulu la ATS m'magulu a mizinga. Amayiwa ndi amene ankayendetsa radar, makina oyezera kutalika kwa ndege, ndi makina owerengera pomwe ndege idzakhale. Mwana wa Churchill, Mary, anali mmodzi wa iwo. Lamulo linkawaletsa kukoka chowombera chokha, koma masamu onse olozera anali awo, ndipo mabomba akagwa sankasankha. Amuna a m'mafakitale nawo, akaweruka, ambiri ankalowa Home Guard, gulu la anthu wamba loteteza dziko, n'kukadikira pa zida zoponya maroketi zotchedwa Z Battery. Tangoganizani, wagwira maola khumi kapena kuposa pa makina, usiku uli pa ulonda, m'mawa ubwererenso.

Mzinga unadzakhala woopsa zenizeni mu 1944, atabweretsa radar ya ku America ya SCR-584 ndi chipolopolo chokhala ndi kawayilesi kumutu, chophulika chokha chikayandikira chinthu. Ndi zimene zinagwetsa mabomba ouluka a V-1 ambirimbiri. Kawotchi kotchera pamanja kaja kanayamba kutha ntchito.

Achimwene a ku Luton:
Koma roketi ya Ajeremani ya V-2 inalibe mankhwala. Pa 6 Novembala 1944 imodzi inagwa kuno pa Biscot Road, pafupi ndi fakitale ya malole ya Commer, n'kupha anthu 19. Imeneyo inkathamanga kuposa phokoso, palibe sayirini, palibe mzinga. Umangomva itagwa kale.

Nachisale (Johannesburg):
A Msilikali, nanga zija ndinamva zoti ankamanga matawuni abodza n'zoona?

Msilikali Wopuma:
N'zoona mayi, ankawatcha Starfish, ndipo anawalimbikitsa Coventry itangopsa. Mkulu wake anali Colonel John Turner, ndipo anatenga amisiri opanga mafilimu, anthu odziwa kupanga chabodza kuti chioneke chenicheni. Ankasankha malo a thengo makilomita angapo kunja kwa mzinda, n'kuyala madengu a zinthu zoyaka, matanki a mafuta ndi madzi, ndi timagetsi tooneka ngati fakitale yomwe yaiwala kutseka zenera kapena ng'anjo yotseguka. Ndege zoyamba zikagwetsa moto m'tawuni, ozimitsa ankalimbana nawo msangamsanga, uku anyamata ochepa ali m'kachipinda ka konkire akuyatsa moto wabodza kuthengo, kuti ndege zotsatira zikataye katundu wawo kumeneko. Ntchito yawo inali kudziitanira mabomba. Nthawi zina zinkatheka, nthawi zina ayi, makamaka kukakhala mwezi wowala mzinda weniweni ukuoneka.

Mwana wa Kum'mawa (Chipata):
Nanga alimi okhala pafupi ndi moto wabodzawo anawafunsa? Chifukwa apa ndikuona ngati kupulumutsa fakitale potaya mudzi.

Msilikali Wopuma:
Zinali zachinsinsi, ndiye kufunsa kunalibe. Ankayesetsa kusankha malo otalikira nyumba, koma bomba logwa kuchokera makilomita anayi m'mwamba silidziwa malire a munda. Funso lanu ndi lomwe lija la mayi a Tadala, langovala malaya ena: ankateteza makina kapena anthu? Ine monga msilikali ndiyankha kuti choyamba ankateteza makina, chifukwa ankakhulupirira kuti makina akaima anthu onse atha. Sindikunena kuti n'zokoma.

Aphunzitsi Opuma (Zomba):
Ndipo makinawo anapulumuka kuposa anthu. Chodabwitsa cha Coventry n'chakuti denga la fakitale limagwa, koma makina achitsulo olemera pansi pake nthawi zambiri ankangofunika kupukuta ndi kufunditsa lona. Chomwe chinaimitsa ntchito kwambiri chinali kusowa kwa magetsi, gasi, madzi, ndi antchito opanda pogona. Zimenezi zitabwerera, mafakitale ambiri anayambiranso m'masabata kapena miyezi yochepa. Ena anasamuka. Fakitale ya njinga zamoto ya Triumph pa Priory Street inatheratu, anatola makina otsala n'kukayambira ku Warwick, kenako mu 1942 anatsegula yatsopano ku Meriden. Alvis inamwaza ntchito zake m'malo ambiri ang'onoang'ono. Boma linali litayamba kale, nkhondo isanayambe, kumanga mafakitale apadera kunja kwa mizinda oyendetsedwa ndi makampani a galimoto, monga ku Ryton ndi ku Banner Lane. Daimler inapitiriza, ndipo pofika kumapeto kwa nkhondo inali itatulutsa timagalimoto tozonda ta Dingo toposa 6,000. Ndege zinabweranso mu Epulo 1941 n'kupha anthu mazana ena, koma mzindawo sunaleke kupanga.

Ndiye mayi a Tadala, yankho langa ndi lakuti chimene chinateteza mafakitale a Coventry sichinali mzinga kwenikweni. Anali anthu amene anaika maliro Lachitatu n'kulowa ntchito Lachinayi.

Mayi a Tadala (Coventry):
Mawu amenewo andilasa aphunzitsi, chifukwa maliro ake sanali ngati athu. Ndafunsa mnzanga wa kuntchito wobadwira konkuno, akuti anthu ambiri anaikidwa m'manda amodzi aatali ku London Road Cemetery, mwambo woyamba pa 20 Novembala, ndipo ena sanazindikirike n'komwe. Kopanda kusambitsa, kopanda kugona pa siwa, kopanda mwini mbumba wonena mawu. Ife kwathu munthu mmodzi timamulira masiku, mudzi wonse osapita kumunda. Ndikayesa kuganiza mayi woima pamzere pa dzenje limenelo, osadziwa kuti bokosi la mwana wake ndi liti, mawa lake n'kukamanga mabawuti a galimoto yomwe mwina inadzafika m'manja mwa munthu ngati agogo anga, mutu wanga sukukwana. Loweruka likubwerali ndipita kumandako ndi Tadala. Ndi pafupi, basi imodzi.

Mnyamata wa ku Area 25:
Mukapita mutijambulireko mayi. Ine ndikapita ku Zomba mwezi wamawa ndikajambula chipilala cha Keyala, tidzaziike pamodzi pano. Aphunzitsi, ndidzakupezani mundionetse.

Aphunzitsi Opuma (Zomba):
Ubwere mwana wanga, udzandipeza. Ubwere m'mawa, masana kumagwa mvula kuphiri kuno.

Makaniko wa ku Ndirande:
Mayi a Tadala, sipanala ya agogo ija ikadalipo? Ngati ilipo muuze a kumudzi aipukute ndi palafini ayang'ane zolembedwa pa chogwirira. Ikakhala ndi chilembo cha W kapena BSF pafupi ndi nambala, imeneyo ndi ya muyezo wa Angerezi, wa Whitworth. Ikakhala ndi nambala ya mainchesi yokha kapena AF, ndiye kuti ndi ya muyezo wa ku America ndi Canada. Amakaniko a nthawi imeneyo ankavutika nazo kwambiri, bawuti ya uku yosalowa nati ya uko, mpaka nkhondo itatha mayiko atatuwo anachita kukhala pansi n'kugwirizana mazinga amodzi. Ine ndili nazo ziwiri za W m'bokosi langa, ndinasiyiridwa ndi abwana anga aja, ndipo palibe galimoto ya masiku ano yomwe zimagwira.

Mayi a Tadala (Coventry):
Ilipo, ili ndi amalume ku Dowa, amamangira njinga ngakhale imaterereka. Ndawaimbira, akuti pali zilembo koma zadzala dzimbiri. Akuti apukuta mawa kukawala atumize chithunzi.